Tsiku Limene Ndinakankha Chanda

Ana anga, pa chithunzi chija chapachikidwa pabalaza, chimene ndavala jekete la buluu pa tsiku lopuma ntchito, ndaima pafupi ndi galimoto yoyera ya matayala akuphwa. Alendo akachiona amayamikira jekete, koma inu mumaseka matayala. Amayi anu ali ndi nkhani yawo ya galimoto imeneyo, ndipo m'nkhani yawoyo iwo salakwa paliponse. Choncho ndati ndilembe yanga ndisanayambe kuiwala. Za ubwana wanga ku Katete ndazidumpha, poti munazimva mpaka kutopa nazo.

Zaka za malole okankha

Ntchito yanga yoyamba, imenenso inali yomaliza, inali ya udalaivala pa kampani yopanga matiresi ku Heavy Industrial Area. Mwini wake anali bwana Tembo, wa kum'mawa ngati ine, munthu wamfupi wa mawu aakulu, amene ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti batire ya galimoto ndi chinthu cha anthu aulesi. Kunena zoona masiku amenewo zipangizo zinkasowadi, koma bwana Tembo kusowako ankakukonda. Malole onse a kampani ankagawana batire imodzi yabwino. M'mawa makaniko ankaliza nayo lole yoyamba, n'kuichotsa injini ikulira, n'kuthamangira nayo ku lole yachiwiri. Ukatuluka pageti unkadziwa kuti injini ikazima panjira, zako zada. Dalaivala wanzeru ankaimika lole pamtsetse, koma Lusaka ndi wosalala ngati tebulo, ndipo mitsetse yochepa imene ilipo tinkailimbirana. Ndiye chifukwa chake lole iliyonse inali ndi lolemeti, munthu wokweza ndi kutsitsa katundu, amene ntchito yake yeniyeni inali kukankha.

Wanga anali Chanda, Mbemba wa ku Kasama, wamtali, wamapewa otakata, wa msinkhu wanga womwewu. Mukudziwa kuti ife a kum'mawa ndi Abemba tili pachimbuya. Timanyozana popanda mlandu, ndipo wina akamwalira, ntchito ya maliro imagwera mbuya wakeyo. Tsiku loyamba Chanda anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndimwe ba dalaiva?" anatero. "Awe mwandi. Banipasa wakudya mbeba. Iyi motoka izayamba kununkha."

"Iwe wakudya kolwe," ndinamuyankha, poti kolwe ndi nyani m'Chibemba, "yenda kumbuyo ukankhe. Ndiye malo yako."

Anapitadi kumbuyo, ndipo anakhalako mpaka tonse tinamera imvi. Ine ndinkaika giya yachiwiri, phazi pa kilachi, iye n'kuika phewa pa bodi ya lole uku akuitana aliyense wodutsa kuti athandize. Lole ikayamba kuthamanga ankakuwa kuti "Siya!" ine n'kusiya kilachi, injini n'kutsokomola, utsi wonse n'kumuthira kumaso. Anandikankha ku Kanyama m'madzi ofika m'mawondo, ku Matero pamaso pa atsikana amene ankawafuna, ku Chazanga dzuwa likuswa mtengo. Akalumphira m'galimoto, wefuwefu, mawu ake anali amodzimodzi. "Iwe Mbewe, nakukankha maningi. Siku nizafa, ndiwe uzanipeleka kumanda, osati ma sitirenja. Ine gone, iwe nchito." Ine ndinkamuuza kuti Mbemba safa msanga chifukwa ngakhale kumwamba amayamba abisa katundu asanamulandire. Tinapeza nyumba mu mzere umodzi ku Mtendere, ana athu n'kukulira limodzi, ndipo nkhani ya kumandayo inangokhala ngati moni wathu.

Chaka chimene Firiji inabwera

Bwana Tembo atakalamba anasiyira kampani mwana wawo wamkazi. Tonse tinkamutcha Madamu, ngakhale kuti ine ndi Chanda tinkamutenga kusukulu ali kamtsikana, atakhala pakati pathu m'lole, akudya milisi, chimanga chootcha chimene Chanda ankamugulira. Pa nthawiyi n'kuti Chanda atapuma kale ntchito chifukwa cha msana. Madamu anali munthu wakhama ndi wachilungamo, koma wosakonda kubwereza mawu. Anagulitsa malole otha, ndipo poona mmene dizilo ankakwerera, anaitanitsa kunja galimoto yoyendera magetsi, yogwirapo kale ntchito kumeneko. Inali yoyera, ya bodi yotseka, ndipo m'mbali anajambulamo munthu wagona pa matiresi akumwetulira. Anaipereka kwa ine poti ndinali dalaivala wamkulu.

Tsiku loyamba ndinakhala pampando, ndinadina batani, sindinamve kanthu. Ndinadinanso, ziii. Ndinatulutsa mutu pawindo n'kuitana anyamata a m'fakitale kuti abwere adzakankhe. Madamu anaseka mpaka kugwira khoma.

"Ba Mbewe, inayaka poyamba paja. Kachiwiri mwaizimya mweka."

"Nanga injini ili kuti, Madamu?"

"Ilibe injini yamene muziba imwe. Ili chabe na batire ikulu pansi apa."

Makaniko wathu anatsegula boneti, anasuzumira kwa nthawi yaitali sipanala ili m'manja, kenaka anatseka bwinobwino n'kuvula chipewa ngati wafika pamaliro. Madzulo nditafika nayo ku Mtendere, Chanda anatuluka ndi ndodo yake, anaizungulira, anaika khutu pa boneti. "Iyi si motoka," anagamula. "Ni firiji ya mawilo." Dzina linakhala lomwelo.

Ndisakubisireni, Firiji ndinaikonda. Msana unasiya kuwawa, zovala zinasiya kununkha dizilo, ndipo pa maloboti ndinkasiya minibasi zikutsokomola. Vuto linali nkhuku, agalu ndi oledzera a pa msika wa Mtendere, amene anazolowera kuthawa phokoso osati galimoto. Ndinkayenda chala chili pa hutala. Amayi anu nawo ankadandaula kuti kale ankamva lole ndikadali kumsika n'kutereka madzi a tiyi, koma tsopano ndinkangotulukira pakhomo ngati apongozi.

Chaka cha mdima

Kenaka kunabwera chilala chija, madzi anatsika ku Kariba, magetsi n'kuyamba kubwera ngati mlendo wodutsa. Galimoto ya magetsi m'dziko lopanda magetsi ndi chinthu chomvetsa chisoni. Tinayamba kuitchaja ndi jenereta ya kufakitale, imene inkamwa dizilo yemwe uja tinkamuthawa. Madamu akamadutsa pafupi ndi jeneretayo ankayang'ana kumbali. Pamwamba pa izo batire inayamba kutopa, poti inabwera itakalamba kale. Mulingo wa moto pa galasi la kutsogolo unayamba kunama: m'mawa unkalonjeza Kafue, masana n'kumakana ngakhale Chawama. Mu Lusaka monse munalibe munthu wodziwa kuitsegula, ndipo amene ankati amadziwa ndiwo tinkawaopa kwambiri.

Madamu anaitanitsa batire yatsopano kunja. Poyamba anauzidwa kuti kufakitale yake kuli mzere wa maiko ambiri, ndipo ife tili kumchira. Kenaka akuti ikudikira sitima. Kenaka sitima ina inaikana, akuti batire yaikulu chotero imatha kuyaka panyanja. Mawu akuti "batire ili m'njira" anasanduka nthabwala ya pakampani, moti munthu akachedwa kuntchito ankangoti anali m'njira pamodzi ndi batire. Nditamufotokozera Chanda anapukusa mutu. "Kopa ya mu migodi ichoka kwathu kuno siku na siku pa ma tiraki, ise tiimilila mumbali kuipasa njila. Manje ikafika uko, baipanga vinthu, ise futi kumbuyo kwa laini. Olo mu motoka ya malaiti, ise tikali bokankha."

Tsoka lina linali lakuti kumbuyo kwa Firiji kunali soketi, yonga ya m'nyumba. Anaitulukira ndi amayi anu. Anayamba ndi foni yawo, kenaka ya mnzawo wa kutchalitchi, ndipo pofika Loweruka pakhomo pathu panali mzere. Mukudziwa mmene timakhalira m'komboni. Munthu wopempha moto sabwezedwa, ndipo anthu sanaone kusiyana kwa khala la mbaula ndi moto wa m'galimoto. Koma Madamu ankaona zonse pa foni yake, kumene galimoto ili ndi moto umene watsala. Anandiitana mu ofesi.

"Ba Mbewe, mvelani. Iyi batire ikasila mpaka pansi, ingagone osaukanso, ndipo ina kulibe. Palibe kuchajisa banthu. Palibe maulendo yanu. Mukumbuka wamalasha uja?"

Ndinkamukumbuka. Anali dalaivala mnzanga amene ananyamula matumba a makala pa galimoto ya kampani, n'kuchotsedwa ntchito tsiku lomwelo, wopanda phwando, wopanda kanthu m'manja. Ine n'kuti kutangotsala miyezi yochepa kuti ndipume ntchito mwaulemu. Ndinafika kunyumba n'kutseka soketi ija ndi tepi, ndipo anthu a mu mzere wathu anandinena kuti ndayamba kudzimva.

Sabata ya maliro

Chanda anadwala nyengo yozizira. Ndinkapita kukamuona masana a Lamulungu, ndipo ulendo womaliza ndinamupeza atatha, mapewa aja atangotsala mafupa. Mkazi wake, bana Mwila, ndiko kuti amake Mwila, anandiikira mpando pafupi ndi bedi. Ndinamuuza kuti adzuke, asiye ulesi wa Chibemba. Anaseka movutikira.

"Mbewe, ukumbuka ka?"

"Nikumbuka chani? Vakamba iwe ni vambili, vonse vaboza."

"Uzanipeleka iwe. Mu Firiji. Nifuna nimveko mwamene imvekela kunkhala mukati, osati kumbuyo."

Anamwalira Lachiwiri m'mawa. Ndinalira, ana anga, ndipo sindichita manyazi kulemba zimenezi. Ndinalira m'galimoto pa Great East Road, ndipo poti Firiji inalibe phokoso lobisa kulira kwa munthu, wogulitsa nthochi pa maloboti anandimva n'kundipatsa nthochi imodzi yaulere.

Mwambo woika maliro unakonzedwa Lachisanu ku manda a Leopards Hill. Lachinayi ndinalowa mu ofesi ya Madamu chipewa chili m'manja n'kupempha galimoto. Maso ali pa tebulo anati, "Ba Chanda nibaziba kuchila mwamene muganizila. Kampani izathandiza pa malilo, na imwe mailo, siku ya malilo, osabwela ku nchito. Koma motoka muisiye pano lelo. Batire ija siingakwanise, ndipo nikavomela imwe, nizakana bwanji benangu?" Sanalakwitse mawu ngakhale amodzi, ndipo chimenecho ndicho chinandipweteka.

Masana amenewo ndinali ndi matiresi okatula ku Kalingalinga. Nditatula ndinafika pamphambano. Kumanzere kunali njira yobwerera ku kampani, kumene kunali phwando langa lotsanzikana, ulemu wanga ndi zonse zimene ndinagwirira ntchito. Kumanja kunali Mtendere. Ndinaima pamenepo mpaka wa minibasi kumbuyo kwanga anayamba kutchula makolo anga. Ndinaganiza za wamakala uja, ndinaganiza za inu amene munali musanamalize sukulu. Kenaka ndinaona m'maganizo Chanda atanyamulidwa ndi dalaivala wosamudziwa, woti sangamunyoze ngakhale kamodzi panjira. Ndinakhotera kumanja, ndipo foni yanga ndinaizimitsa.

Moto unalimo wokwanira. Ndinauyang'ana bwino: kuchipatala kukatenga thupi, kutchalitchi, kumanda, ndi kubwerera ku kampani, zonse zikanatheka. Ndinaimika Firiji panyumba ya maliro, makiyi ndinapatsa amayi anu kuti asunge m'chitenje, ine n'kupita ndi amuna anzanga kukaona za bokosi ndi za manda, poti ntchito imeneyo ndi ya ife ambuya. Apa ndi pamene nkhani yanga imasiyana ndi ya amayi anu. Iwo amati anangotchaja foni imodzi ya mlongo wake wa malemu, wochokera ku Kasama, kuti adziwitse abale. Mwina inayambadi imodzi. Koma nditabwerera dzuwa likulowa ndinapeza tepi yanga itamatidwa pa khoma, chingwe chitatuluka m'galimoto n'kubereka zingwe zina. Mafoni anali ndandanda pa mphasa ngati tomato wa pamsika. Ketulo yaikulu inali kuwira. Akwaya anali atalumikiza sipika yawo, ndipo kuseri kwa nyumba wometa wina ankameta amuna oferedwa kuti aoneke bwino mawa lake.

"Amake Tiza! Mwachita chiyani?"

"Atate ake Tiza, musakuwe, pano ndi pamaliro," anandiyankha modekha. "Magetsi kulibe kuyambira dzulo. Ndikanawauza chiyani anthu oferedwa? Kuti moto ulipo koma ndi wa matiresi?"

Ndinazula zingwe zonse anthu akundiyang'ana ngati ndalanda chakudya cha ana amasiye. Pa maliro onsewo foni imene sinatchajidwe inali yanga yokha. Ndinayang'ana mulingo uja, ndipo unandilonjeza kuti kumanda tikafika. Ndinaukhulupirira chifukwa ndinalibe wina womukhulupirira.

Lachisanu zonse zinayamba bwino. Tinatenga thupi, tinapemphera, anthu anaona nkhope. Bokosi tinaliika m'Firiji pa matiresi atsopano amene ndinagula ndekha, kuti msana uja upumeko. Bana Mwila anakhala kutsogolo pambali panga, azimayi ena kumbuyo ndi bokosi, ndipo pambuyo pathu panali minibasi, lole yodzaza anthu oimba, ndi magalimoto ang'onoang'ono. Ndinkayendetsa pang'onopang'ono, ndikulankhula naye Chanda chamumtima kuti waona, wakudya kolwe iwe, mmene amakhalira mabwana. Titadutsa nyumba za mipanda italiitali, msewu utayamba kukwera pang'ono, pagalasi panaoneka chithunzi cha kamba. Firiji inayamba kuyenda ngati kambayo. Geti la manda likuoneka patali, inangoti zii, n'kuima pakati pa msewu.

Nyimbo inaduka. Amuna analumpha m'lole asanauzidwe, poti mwamuna aliyense wa mu Lusaka amadziwa chochita galimoto ikazima. Anavula majekete, anaika mapewa.

"Mudala, ikani sekondi!"

"Ilibe sekondi!" ndinakuwa.

"Ikani chabe, musaope! Dyakani kilachi!"

"Ilibe kilachi!"

Sanandimvere. Ndinaimasula kuti mawilo azizungulira, iwo n'kuikankha mothamanga, mataye akuuluka, mpaka wina anakuwa kuti "Siyani manje!" Ndinalibe choti ndisiye. Anabwereza kachiwiri, anabwereza kachitatu, wina akunena kuti dalaivala ndi wamantha, wina akuti malemu akukana. Wa minibasi anabwera ndi zingwe zake zolizira, anazungulira galimoto kufuna pozikoleka. Mkulu wina wa mpingo anafunsa ngati tingathiremo petulo pang'ono chabe, wongoyambira. Pamapeto Mwila, mwana woyamba wa Chanda, anafika pawindo thukuta lili kamukamu n'kunena mwaulemu kuti bwanji bokosi tilisamutsire pa lole.

Ndisanayankhe ndinamva phokoso lachilendo pambali panga. Ndinkaganiza kuti bana Mwila akulira, koma ankaseka, chitenje chili kukamwa, misozi ikutsika. "Ba Mbewe," anatero, "banzanu bakali kumbuyo. Simuona? Bafuna muchoke pa mupando."

Ndinatsegula chitseko n'kutsika. Ndinamuuza Mwila kuti atate ake satsika m'galimoto imeneyi kufikira pamanda, ndipo ndinayamba kuvula jekete. Nditatembenuka kuti ndifunse wogwira chiwongolero, ndinaona mayi wina atavala chitenje ndi duku akubwera kuchokera ku magalimoto a kumbuyo. Anali Madamu. Anali m'gulu la operekeza kuyambira kutchalitchi, ndipo galimoto yake ankaiona pa foni kuyambira pamphambano paja. Anayang'ana Firiji, anayang'ana ine, nkhope yosawerengeka.

"Yasila?"

"Yasila, Madamu."

"Mpaka pansi?"

"Mpaka pansi."

Anapuma mozama. "Tizakamba pa Mande, ba Mbewe. Manje chokani apo, nigwile sitiyaringi. Na ine ndine mbuya."

Choncho ndinapita kumbuyo, kumene ndinali ndisanaimeko moyo wanga wonse. Ndinaika phewa pa chitseko, ndipo ndikuuzeni, galimoto ya batire ndi yolemera kuposa mmene imaonekera. Amuna a kum'mawa onse anabwera pambali panga n'kuwathamangitsa Abemba kuti iwo ndi oferedwa, ayende manja m'thumba. Azimayi anayambanso nyimbo. Fumbi linandilowa m'maso, nsapato za tchalitchi zinkaterereka, mtima unkagunda m'makutu, ndipo msewu umene ndili pampando ndinkauona wosalala unali chitunda chenicheni. Ndinamunyoza Chanda njira yonse, mokweza, kuti wanenepa ndi anyani, kuti ngakhale atafa akadali waulesi, anthu akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Titalowa pageti la manda, mawu anandithera. Ndinazindikira kuti munthu ameneyu anachita zimenezi m'mawa uliwonse, utsi uli kumaso, ine ndili pampando ndikumuuza kuti afulumire.

Miyezi yomaliza

Lolemba ndinavala jekete la buluu lija, kuti ngati ndikuchotsedwa ndichotsedwe ndikuoneka bwino. Firiji anali ataikoka ndi lole ya eni n'kuiika pakona pa bwalo la kampani. Anayesa kuitchaja Loweruka lonse, koma batire inagonadi monga Madamu ananenera. Mu ofesi Madamu sanandipatse mpando.

"Ba Mbewe, mwanipaila motoka. Lamulo muiziba."

"Niiziba, Madamu."

"Batate banakamba ati nikakuchosani nchito, ine nichoke pa nyumba yao. Koma olo sembe sibanakambe, ba Chanda benze kunigulila milisi." Anatambasula dzanja. "Makiyi. Simuzayendesa futi motoka ya kampani. Muzankhala pa geti mpaka siku yanu ikwane, ndipo Firiji muzaisuka imwe mpaka batire ibwele."

Ndinapereka makiyi. Musaganize kuti chinali chilango chopepuka. Munthu amene wagwira chiwongolero moyo wake wonse, kumuika pageti kuti azitsegulira anzake, ndi kumudula miyendo. Madalaivala achinyamata ankandiimbira hutala potuluka, ena n'kufunsa ngati ndikufuna kukankhako pang'ono. M'mawa uliwonse ndinkatsuka Firiji, ndikupukuta nkhope ya munthu wogona uja, matayala akuphwa pang'onopang'ono. Tsiku lopuma ntchito linafika batire ikadali m'njira. Phwando linachitika, Madamu analankhula mawu abwino, ndipo wojambula atafunsa kumene ndikufuna kuima, ndinasankha ndekha pafupi ndi matayala amene mumawasekawo. Ndamva kuti batire inafika patapita nthawi, ndipo Firiji ikuyendanso ndi dalaivala wina. Ikandidutsa pamsewu sindiimva.

Amayi anu mpaka lero amati inali foni imodzi, ndipo ndasiya kutsutsana nawo, chifukwa pakanapanda ketulo yawo ija bwenzi nditamufikitsa Chanda kumanda ndili chikhalire pampando, monga mwa masiku onse. Tsono mverani, inu ana anga. Tsiku langa likadzafika musadzavutike kufunafuna galimoto yapamwamba. Mudzatenge iliyonse, ya dizilo kaya ya magetsi, koma pofika pa chitunda chija cha ku Leopards Hill dalaivala adzazimitse. Ndalankhula kale ndi Mwila, ndipo wavomera. Akuti Abemba adzabwera ambiri, atavala nsapato zosaterereka.